Bokosi la chinkhoswe cha achemwali akuti ndi la maliro

Aphungu,

Sindinalemberepo kalata kunyuzipepala, ndipo sindikudziwa ngati nkhani yangayi ndi yoyenera tsamba lanu. Ambiri amene amakulemberani amadandaula za chikondi kapena za apongozi. Ine vuto langa ndi bokosi, bokosi la pepala lolimba loikamo makeke.

Ndili ndi zaka 17, ndipo ndili m'chaka chomaliza pasekondale yophunzitsa ntchito zamanja. Ndimaphunzira kukonza maonekedwe a zinthu zosindikiza, monga zikwangwani, zikuto za mabuku, mapepala otsatsira malonda ndi mabokosi. M'kalasi sindiyankhulayankhula, ndipo m'basi ndimakhala mpando wakumbuyo. Anzanga anandipatsa dzina loti Kamera, akuti ndili ngati kamera ya pageti, yoona zonse koma yosanena kanthu. Dzinali linafika mpaka kunyumba.

Bambo ali ndi shopu yophika makeke pafupi ndi kachisi wamkulu, makeke aakulu ozungulira aja a chitowe pamwamba. Mayi anamwalira zaka zitatu zapitazo, nditatsala pang'ono kuyamba sukuluyi. Tinatsala atatu: bambo, achemwali anga Pei-shan, ndi ine.

Achemwali ali ndi chinkhoswe mwezi wamawa, ndipo tsiku linasankhidwa kale, silingasunthe. Akuchimuna, amene amayenera kubweretsa makeke ogawira abale, anati palibe chifukwa chokagula kwina pamene bambo a mkwatibwi ndi wophika. Anaitanitsa mabokosi 260. Tsiku lomwelo achemwali anandipeza ndikupukuta mathireyi, nati: "Iwe Kamera, zaka zitatu ukupita kusukulu yojambula, ndiye makeke anga alowe m'bokosi lomwelija la chinjoka ndi mbalame ya golide? Bokosi limene lija ndi lalikulu kuposa ine pa zaka. Undikonzere langalanga."

Ndinasangalala kwambiri, ngakhale sindinaonetse. Zinangochitikanso kuti aliyense wa m'chaka chomaliza amayenera kukonza ntchito imodzi yaikulu yokaika pachionetsero cha sukulu, ndipo ntchito yomweyo ndi imene imakhala patsogolo mu faelo yotumiza kumayunivesite. Ndinapempha aphunzitsi athu, a Hsieh, kuti ntchito yanga ikhale bokosili. Anavomera, ndipo anandilembetsa m'gulu la ntchito zenizeni, zokhala ndi mwini wake. Lamulo la gululi ndi loti chimene ukaonetse ndi chimene chasindikizidwadi ndi kugwiritsidwa ntchito.

Ndikuuzeniko za a Hsieh, chifukwa ndimawalemekeza. Mawu awo ndi amodzi chaka chonse: "Chotsa. Wachotsa? Chotsanso." Amati malo oyera papepala si malo opanda kanthu, ndi pamene pepala limapumira. Nthawi zina amatola kapepala kamalonda kumsika, ka mitundu khumi, n'kukakweza m'mwamba akuti: "Mukumumva munthuyu? Akukukuwirani m'khutu." Ine ndinamva ndipo ndinasunga. Pofika chaka chino ndinali nditayamba kuchita manyazi ndi bokosi la bambo. Ndinawerenga, lili ndi mitundu isanu ndi iwiri ya kalembedwe pachivundikiro chimodzi.

Choncho ndinachotsa. Ndinakonza kakhumi ndi kamodzi, ndipo ulendo uliwonse ndinkachotsa china. Chimene chinatsala ndi bokosi loyera, la pepala lokhakhala pang'ono ngati nsalu. Pakati pali duwa limodzi la yulan, kaduwa konunkhira kakwathu kuno, lojambulidwa ndi mzere wopyapyala wotuwa. M'munsi mwake muli maina a achemwali ndi alamu anga m'zilembo zing'onozing'ono zakuda, zotsika pansi. Basi.

Kusukulu kwathu, tsiku loona ntchito timapachika zonse pakhoma, ndiye aphunzitsi amazisuntha osayankhula, zabwino kupita m'mwamba, zina kutsika. Zaka zitatu zonsezi ntchito zanga zakhala zili mzere wapakati. Tsiku limenelo a Hsieh anatenga chithunzi cha bokosi langa, nakwera pampando, nachipachika pamwamba penipeni chokhachokha. Anangoti: "Apa ndiye wakula." Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Anyamata, Kamera yayankhula!" Kalasi yonse inaseka, koma sikunali kundiseka. Ndinabwerera kunyumba miyendo ikupepuka.

Lamlungu lapitali azakhali ake a alamu anga, a Mayi Tseng, anabwera kudzalawa makeke ndi kuona bokosi. Iwowa ndiwo akuyendetsa zonse kuchimuna. Tinakhala tonse, achemwali ndi alamu anga omwe, patebulo la kuseri kwa shopu, tiyi atathiridwa, ine n'kuika bokosi lachitsanzo pakati. Azakhaliwo anavala magalasi, naliyang'ana, navula magalasi, natembenukira kwa bambo.

"Pepanitu achimwene," anatero, "sitinamve. Watisiya ndani?"

Bambo anatsokomola. Azakhali analinyamula n'kuligwedeza pafupi ndi khutu. "Ndimayesa muli thaulo." Ankanena timabokosi toyera ta thaulo tija timene amagawa kwa anthu obwera kudzalira maliro. Kenako anandiyang'ana ine. "Mwana wanga, ukufuna makomo 260 atsegule chitseko, aone ichi, ayambe kuimba foni kufunsa kuti mwambo uli liti? Agogo ake a mkwati ali ndi zaka 91. Ukufuna uwaperekeze iweyo?"

Alamu anga anayesa kunditeteza. Anati, "Azakhali, ku Taipei achinyamata masiku ano akukonda zoyera ngati zimenezi." Iwo anayankha kuti, "Ndiye ukakwatire ku Taipei, ukatiuza mmene zayendera." Atatero anadya keke lawo lonse, naliyamikira, nanyamuka.

Alendo atapita, bambo sanakalipe. Anangoti: "Ulifiiritse, uikepo golide. Zaka makumi atatu ndikuphika makeke, pakhomo pano sipanatulukepo bokosi loyera." Analowa kuseri kukakanda ufa.

Lolemba ndinawauza a Hsieh. Anagwira mutu. Anati: "Ukalifiiritsa likhala ngati mabokosi ena onse a mumsewu wakukachisi, ndipo pakhoma paja ndilitsitsa, sindikunamize. Eni ntchito amaopa chilichonse chimene sanachizolowere. Ntchito yako ndi kuwaphunzitsa maso, osati kuwagonjera." Ndinayesabe pakompyuta, ndinathira kufiira pamalo onse oyera. Duwa lija linasowa, ndipo nditalisandutsa lagolide linaoneka ngati la pa paketi ya lubani. Ndinatseka.

Tsopano zimene zikundisokoneza kwenikweni ndi izi.

Achemwali sananene kanthu patebulo paja, ngakhale liwu limodzi. Tsiku limene ndinawaonetsa bokosili koyamba, analigwira nthawi yaitali, nati, "Lili bwino," kenako anakatsuka mathireyi amene ndinali nditatsuka kale. Azakhali atachoka, bokosi lachitsanzo lija linasowa patebulo. Ndinkayesa bambo alitaya. Lachitatu ndinaliona pamwamba pa kabati kuchipinda kwa achemwali, ataikamo zomangira tsitsi. Ndiye akulifuna kapena sakulifuna? Sindinafunse.

Bambonso. Lachiwiri tinapita limodzi kukasiya makeke, ndipo pamaroboti anatsitsa galasi n'kugula maluwa a yulan kwa mayi wina wogulitsa pamenepo. Sanachitepo zimenezi chimwalirire mayi. Sanalowe nawo m'nyumba, anawasiya m'galimoto mpaka anafota. Munthu yemweyo ndi amene akuti ndilifiiritse.

Za duwali sindinauze aliyense. Kwa aphunzitsi ndinati ndalisankha chifukwa ndi duwa lodziwika kuno. Zoona zake n'zakuti mayi ankaika maluwa a yulan atatu pakambale pafupi ndi kauntala m'mawa uliwonse, shopu yonse n'kumanunkhira. Pano m'kambale kaja mumakhala malabala omangira mapaketi. Mwina zimenezi si zofunika, ndangoti ndinene.

Chomaliza, Aphungu, ndi chimene chandichititsa kukulemberani. Dzulo ndinafuna kudzitsimikizira kuti azakhali aja ankangokokomeza. Ndinakwera pampando, ndinatsitsa katoni ya zinthu zotsala pamaliro a mayi, ndipo ndinapezamo kabokosi kamodzi ka thaulo. Ndinakaika pambali pa chithunzi cha bokosi langa. Koyera. Duwa limodzi lotuwa pakati. Zilembo zakuda zotsika pansi. Ngakhale mpata wa pakati pa duwa ndi zilembo ndi wofanana. Ndikulumbira kuti sindinakopere. Sindikukumbuka n'komwe kuti ndinakayang'anapo. Chimene ndikukumbuka n'choti pa tsiku la maliro ine ndi amene anandiimika pakhomo la tenti kuti ndizigawa timabokositi, ndipo ndinagawa kuyambira m'mawa mpaka masana, osayang'ana munthu kumaso.

Ndiye ndani akulondola? Aphunzitsi amene amadziwa ntchitoyi, kapena azakhali amene sadziwa n'komwe dzina la pepala? Kodi sukulu yandiononga maso mpaka sindikuonanso zimene mwana aliyense wa kuno amadziwa? Kapena zimene ndinkayesa luso langa si luso ayi? Ndikalifiiritsa nditaya malo okhawo apamwamba amene ndapezapo, pa ntchito imene mayunivesite akaone. Ndikapanda kutero ndichititsa manyazi achemwali kwa apongozi awo ukwati usanayambe. Osindikiza akufuna ndiwapatse Lachisanu la sabata yamawa. Ndithandizeni.

W.K., Beigang

W.K. mwanawe,

Ndiyambe ndi chowawa kuti tithane nacho: azakhali aja akulondola. Pakamwa pawo ndi pakuthwa, ndipo za kuperekeza agogo zija akanatha kuzisiya, koma wakutsina khutu ndi mnansi. Thokoza kuti anena Lamlungu patebulo la kuseri, bokosi lili limodzi, osati mwezi wamawa mabokosi 260 atalowa kale m'makomo a anthu.

Koma maso ako sanaonongeke, ndipo luso uli nalo, mwinanso loposa mmene ukuganizira. Aphunzitsi ako akuphunzitsa zaka zitatu kuti pepala limayankhula. Lako layankhula momveka bwino kotero kuti mayi wachikulire wosadziwa dzina la pepala walimva pa mphindi imodzi. Wati mwina za kambale si zofunika. Mwana iwe, kalata yako yonse yagona pakambale pamenepo. Unkafuna mayi ako akakhale nawo pachinkhoswe cha mwana wawo. Unachotsa, n'kuchotsanso, mpaka panatsala chokhacho chimene chinali pansi pa mtima, ndipo manja ako anachiika mmene anazolowera tsiku lija pakhomo la tenti. Kumeneko si kukopera. Ndi kulira kwa munthu amene sanapeze mpata wolira chifukwa anamupatsa ntchito.

Kufuna mayi ako akhalepo ndi chinthu chabwino, usachite nacho manyazi. Cholakwika ndi chovala chimene wawaveka. Tadzifunsa: akanakhala moyo, akanafika pachinkhoswe cha Pei-shan atavala zoyera? Ine sindinawadziwe, koma mayi wa shopu ya makeke a ukwati ndikumuona atavala zofiira kuposa aliyense, akukalipira anthu kuti mabokosi asanjidwe bwino.

Tsono chita izi, ndipo uyambe lero, chifukwa Lachisanu silili kutali.

Pita kwa achemwali ako usanapite kwa wina aliyense. Mwini ntchito si aphunzitsi, si bambo, si azakhali, ndi iwowo. Wakhala ukuwawerenga ngati chikwangwani chakutali, mathireyi apa, zomangira tsitsi apo, pamene chipinda chawo chili masitepe asanu kuchokera kwako. Sipafunika mawu ambiri. Ungoti: "Achemwali, duwa lija ndi la pakambale ka amayi." Ndikukhulupirira kuti analizindikira kale, ndipo n'chifukwa chake anakhala chete patebulo: kulikana kunali ngati kukana mayi awo, kulivomera kunali kuyambana ndi apongozi. Unawaika pakati posadziwa. Ukawatulutsepo. Kenako uwafunse chimene akufuna, ndipo udikire yankho ngakhale litachedwa.

Akavomera kuti duwa likhalepo, kumbukira kuti bokosi lili ndi kunja ndi mkati. Kunja n'kwa anthu 260 amene akufuna kudziwa ali patali kuti kwafika nkhani yabwino. Apatse kufiira kwawo. Mkati mwa chivundikiro, pamene munthu amaona akatsegula fungo la keke likutuluka, mpamene pangakhale pa mayi ako. Ndipo likhale duwa lamoyo, la mtundu wake weniweni ndi tsamba lake lobiriwira, ngati lothyoledwa m'mawa uno, osati mzere wotuwa. Awa ndi maganizo anga chabe. Wodziwa ntchitoyi ndiwe, mwina upeza njira yoposa imeneyi.

Za kufiira usaweruze ndi zimene unachita pakompyuta Lolemba. Unathira mokwiya pa chinthu chimene unakonzera kuyera, ndiye unkayembekezera chiyani? Pita kwa osindikizawo ndi miyendo yako, uwapemphe akuonetse mapepala ofiira onse amene ali nawo, uwagwire ndi zala, utuluke nawo padzuwa. Udzapeza kuti kufiira sikumodzi. Ndipo lamulo la aphunzitsi ako silifa chifukwa pepala lafiira. Chotsa chinjoka ngati achemwali sakuchifuna. Pa mitundu isanu ndi iwiri ya kalembedwe ija siya umodzi. Pepala lofiira nalonso limapuma. Kukonza bokosi lofiira limene a Hsieh angaime kuliyang'ana ndi ntchito yovuta kuposa loyera lija, ndipo mnyamata amene anakonza kakhumi ndi kamodzi angathe kukonza kakhumi ndi kawiri.

Ukapanga chitsanzo chatsopano, usadikire Lamlungu lina. Uikemo keke, ulinyamule wekha kupita nalo kwa a Mayi Tseng, uwauze kuti: "Azakhali, munandithandiza, taonaninso ili." Anthu a pakamwa pakuthwa amafewa msanga akafunsidwa nzeru, ndipo mayi ameneyu akhala m'moyo wa achemwali ako zaka zambiri. Uliikenso pakauntala tsiku limodzi, umvetsere zimene makasitomala achikulire anene. Apo ndiye ukamera wako ugwire ntchito.

Kwa aphunzitsi upite ndi zinthu zitatu: kabokosi ka thaulo, chithunzi cha loyera, ndi lofiira. Uziike patebulo lawo motsatana, uwauze zonse, ndi za pakhomo la tenti zomwe. Iwo anaona bokosi lako pakhoma la kalasi, pamene kuyera ndi kuyera basi. Sanalione pakhomo la nkhalamba ya zaka 91. Uwapemphe kuti pachionetsero ndi mu faelo uike zonse zitatu pamodzi ndi mawu ochepa ofotokoza mmene unachokera pa china kufika pa china. Sindingakulonjeze kuti alisiya pamwamba. Mwina alitsitsa, ndipo zidzakuwawa. Koma amene amasankha ophunzira amaona mabokosi oyera okongola ambirimbiri chaka chilichonse, pamene mwana wotha kufotokoza pamene analakwitsa, amene anamuuza, ndi mmene anakonzera, sapezeka kawirikawiri. Ndipo zikafika poti usankhe chimodzi, mzere wa pakhoma amauchotsa teremu ikatha. Chinkhoswe cha achemwali ako abale azidzachikamba mpaka iwe utamera imvi.

Bambo ako usawakakamize kuyankhula. Munthu amene amagula maluwa n'kuwasiya m'galimoto wamva kale zimene bokosi lako linanena, kungoti sakudziwa polowera nazo m'nyumba. Waona, m'nyumba mwanumo makamera alipo atatu.

Chenjezo langa ndi ili. Pali njira ziwiri zachete zimene zikukuyembekezera, ndipo zonse ndi zoipa. Ina ndi kutumiza loyera lija kwa osindikiza mwakachetechete, n'kumati akaliona litasindikizidwa alikonda. Sadzalikonda, ndipo amene adzalipire ndi achemwali ako. Inayo ndi kungonena kuti sukufunanso, agwiritse ntchito la chinjoka, iwe n'kubwerera kumpando wako wakumbuyo. Ukatero udzakhala utawamana achemwali ako mphatso imene anakupempha ndi pakamwa pawo. Kuona umatha, tavomereza. Sabata ino yesa kunena.

Ndipo m'mawa, usanakwere basi, ukachotse malabala m'kambale kaja, ukatsuke, ukasiye pakauntala popanda kanthu. Bambo ako akudziwa pamene amagulitsa maluwa.

Aphungu